Mizinda Yathu: Lusaka, Mzinda Wosunga Mbiri M'tinyumba

Wochokera ku Chipata amalowa mu Lusaka kudzera mumsewu wa Great East, ndipo akaona thanki yamadzi ya ku Chelstone amadziwa kuti ulendo wa makilomita oposa 550 watha. Ambiri sasuzumira n'komwe pawindo. Mtima umakhala uli kale ku Intercity kokakwera basi ya ku Livingstone, kapena ku Kamwala kokaoda katundu. Komatu ku Chelstone komweko kuli nyumba imene a Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipani cha ANC, ankakhala pa zaka zimene chipanicho chinali choletsedwa ku South Africa, likulu lake lili muno. Mu 2017 maboma a Zambia ndi South Africa anaitsegula kuti anthu azikaiona. Ndi nyumba wamba, yoti mukhoza kuipitirira, ndipo zambiri zofunika kuona mu Lusaka n'zotero.

Mzindawu ndi wa dzulodzuloli. Akhristu ena a kuno amasonkha ndalama kwa zaka kuti akaone chitsime cha Abrahamu ku Beereseba, mzinda wa m'chipululu cha Negev umene umatchulidwa kale m'buku la Genesis. Lusaka alibe chitsime chotero. Mu 1905 panali kasiteshoni ka sitima chabe, kotchedwa dzina la nyakwawa Lusaaka, amene mudzi wake unali ku Manda Hill, kufupi ndi pamene pali nyumba ya malamulo lero. Atsamunda anasamutsira likulu kuno kuchoka ku Livingstone mu 1935, ndipo anaukonza ngati mzinda wa azungu: misewu yotakata ndi mitengo yamthunzi kumtunda kwa Ridgeway. Munthu wakuda ankamuwerengera ngati mlendo wodzagwira ntchito n'kubwerera kwawo.

Umboni wake uli ku Kabwata, m'mbali mwa msewu wa Burma. Tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu timene tili pamenepo anamangira amuna apantchito m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Chipinda chimodzi basi. Mkazi ndi ana atsale kumudzi. M'ma 1970 boma linagumula tambiri n'kumangapo mafulati, koma mu 1974 linasiyako 43 kuti muzigwirira ntchito amisiri a zosemasema. Lero mumamveka kasemasema kuyambira m'mawa, ndipo pakhomo lililonse pali ng'oma, madengu, mipando, mvuu ndi njovu zamtengo. Mtengo woyamba umene angakuuzeni si womaliza, nenererani ndithu. Chodandaulitsa n'chakuti mlendo amatuluka atanyamula chiboliboli osadziwa kuti wayenda m'komboni ya atsamunda, chifukwa aliyense amamuuza za mitengo ya katundu, za eni ake oyamba a tinyumbati ayi.

Minibasi ya ku Chilenje ikakutengani pa Kabwata, posakhalitsa mufika pamalo amene ine ndimawaika patsogolo pa onse: nyumba nambala 394. A Kenneth Kaunda anakhala m'menemu ndi mayi Betty ndi ana kuyambira mu Januwale 1960, atangotuluka m'ndende, mpaka mu Disembala 1962. Zipolowe zolimbana ndi atsamunda za Cha Cha Cha za mu 1961 zinachitika a Kaunda, mtsogoleri wa chipani cha UNIP, akugona m'kanyumba kameneka. Mipando, mabedi ndi ziwiya anazikonza monga zinalili masiku amenewo, ndipo panja pali Land Rover imene ankayendera pokopa anthu. Mukaima pabalaza mumayamba kudzifunsa kuti akuluakulu a chipani ankakwana bwanji akabwera kudzakambirana, ana akusewera pomwepo, apolisi akuzungulira kunja. Amalawi amaima nthawi yaitali muno, poti bambo ake a Kaunda, a David Kaunda, anachokera ku Nyasaland n'kukakhala mphunzitsi ndi mlaliki ku Lubwa, m'boma la Chinsali. Kuchoka pa 394 kupita ku State House ndi makilomita ochepa chabe, kudzera ku Woodlands. A Kaunda anakalowa kumeneko mu 1964 ndipo anatulukako mu 1991.

Msewu wa Independence ndiwo uli ndi zikumbutso zomangidwa mwadala. Chipilala cha Ufulu chinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 likudzilamulira. Munthu wodula unyolo amene ali pamenepo ndi a Zanco Mpundu Mutembo a ku Mbala, ndipo chithunzi chake chinakhala pa ndalama za kwacha kwa zaka zambiri. Chapafupi pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996. Pansi pali zojambula za aluso a masiku ano, pamwamba mbiri ndi chikhalidwe, koma tisanamizane, pamene anthu amaunjikana ndi pa zipangizo za ufiti. Tchalitchi cha Anglican cha Holy Cross, chomalizidwa mu 1962, chili chakumtunda. Lowani masana dzuwa likuwomba magalasi ake amitundumitundu.

Ku Embassy Park kunagona atsogoleri asanu: a Levy Mwanawasa mu 2008, a Frederick Chiluba mu 2011, a Michael Sata mu 2014, a Kaunda mu 2021 ndi a Rupiah Banda mu 2022. Manda a a Mwanawasa anawamanga ngati mpando wachifumu. A a Chiluba, amene mu 1991 analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, amaoneka ngati kachisi, mtanda uli pamwamba.

Ku Kabulonga ndi ku Woodlands wapansi saona zambiri, poti chilichonse chili kuseri kwa mipanda, kupatula mu Seputembala ndi Okutobala pamene mitengo ya jakaranda imachita maluwa. Ndi bwino kutsikira m'tauni n'kuwerenga maina a misewu. Cairo Road ndi loto la atsamunda la njira yochokera ku Cape kukafika ku Egypt. Kuseri kwake kuli Cha Cha Cha, kenako Freedom Way, kenako Lumumba, ndipo m'misewu imeneyi muyende mutagwiritsa chikwama, chifukwa mawilibala onyamula katundu wa ku Soweto Market sapatukira munthu.