Kaundula wa ogula mbewu zanu asakhale pawiri

Alimi anzanga, sabata ino ndayamba ndaika pambali nkhani ya feteleza kuti tikambirane za kasungidwe ka maina, manambala a foni ndi makeyala a imelo a anthu amene amatigula zokolola.

Ine ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Makata mu mzinda wa Blantyre, koma Loweruka ndimakhala ku dimba cha ku Lunzu, komwe ndili mlembi wa kalabu yathu ya alimi a tomato ndi kabichi. Kwa zaka zambiri ndinkasunga maina a ogula malo atatu: pa kompyuta ya kuntchito, m'foni yanga ndi m'kope la kunyumba.

Chaka chatha mayi wina amene amatipikula tomato n'kukagulitsa ku msika wa Limbe anasintha nambala, ndipo mwana wawo ananditumizira imelo yondidziwitsa. Ndinakonza pa kompyuta ya kuntchito, za foni ndi kope n'kuiwala. Loweruka mamembala atathyola madengu 14, ndinaimba nambala yakale tsiku lonse koma sinkapezeka, pomwe ofesi inali yotseka mpaka Lolemba. Tomato sadikira munthu. Wina tinagulitsa motaya pamsewu, wina anaola, ndipo pa msonkhano wotsatira ndinasowa chonena. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga ine amene ndinali nawo atatu?

Makaundula awiri amayamba ali ofanana, koma ukakonza mmodzi n'kusiya mnzake, pakutha pa miyezi sudziwanso woona ndi uti. Mankhwala ake ndi kukhala ndi kaundula mmodzi yekha, woti foni ndi kompyuta zonse zidzitengera kwa iyeyo. Ine ndinachita motere.

Choyamba, tsekulani akaunti ya Gmail m'dzina la kalabu. Maina amene mwasunga mu Google Contacts amakhala pa makina a Google, choncho mukakonza nambala pa kompyuta, foni nayo imasintha yokha ikangolumikizika ku intaneti. Musagwiritse ntchito imelo ya kampani, chifukwa imeneyo ndi ya abwana, ndipo tsiku lomwe ntchito idzathe adzaitseka pamodzi ndi ogula anu. Ngati mufuna kutsekula akaunti ya kalabu pa kompyuta ya kuntchito, yambani mwapempha. Mawu achinsinsi olowera adziwe mlembi ndi wapampando basi.

Chachiwiri, sonkhanitsani maina onse. Pa kompyuta yakale sankhani Export kuti mutulutse fayilo ya CSV kapena vCard, kenaka mu akaunti yatsopano sankhani Import. Pali malo olembedwa Merge and fix omwe amakuonetsani maina olembedwa kawiri kuti muwaphatikize. Kuyambira pamenepo, nambala yatsopano iliyonse muziisunga mu akaunti, osati pa simukhadi, yomwe imasunga maina pafupifupi 250 okha ndipo ikatayika yatayika nawo.

Chachitatu, pepetani mankhusu. M'chaka cha 2009 manambala a foni zam'manja anatalikitsidwa, moti a TNM oyamba ndi 08 anakhala oyamba ndi 0888, ndipo a Zain, yomwe lero ndi Airtel, oyamba ndi 09 anakhala oyamba ndi 0999. M'chaka cha 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti masimukhadi onse alembetsedwe, ndipo osalembetsa anadulidwa. Mukhulupirire, m'kope langa munali manambala akufa a nthawi zonse ziwirizi. Imbani nambala iliyonse kuti mutsimikize, ndipo poilemba yambani ndi +265 n'kuchotsa ziro woyamba. Dzinanso mulilembe ndi malo ndi malonda ake, monga "Opikula tomato, Limbe", kuti ndi wapampando yemwe athe kulipeza inu mutadwala.

Chachinayi, gawani maina m'magulu pogwiritsa ntchito Label: mamembala paokha, ogula paokha, ogulitsa mbewu ndi mankhwala paokha. Polemba imelo mumangoika dzina la gulu, onse alandira. Kwa ogula ikani gululo pa mzere wa Bcc kuti asaonerane makeyala, chifukwa munthu anakupatsani keyala yake inu, osati opikisana naye malonda. Dziwaninso kuti magulu a pa WhatsApp satsatira kaundula ameneyu. Membala akatuluka m'kalabu, mumuchotse konse konse tsiku lomwelo. Komanso uthenga wa broadcast, womwe umatenga anthu osapitirira 256, umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu.

Chachisanu ndi chenjezo. Monga momwe kukonza kumafikira ponseponse, kufufuta nakonso kumatero. Mwana akaseweretsa foni n'kufufuta dzina, pa kompyuta limachokanso. Mwayi wake, Google imasunga maina ofufutidwa mu Trash kwa masiku 30, choncho mukafulumira mumawabweza. N'chifukwa chake kope sindinalitaye. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimakoperamo zomwe zasintha n'kulemba tsiku pamwamba, kuti magetsi akazima kapena bandulo ikatha tisagwire njakata.

Alimi amene mulibe foni ya intaneti musaone ngati nkhaniyi sikukukhudzani. Lamulo ndi lomweli: kalabu ikhale ndi kope limodzi lalikulu, wolembamo akhale mlembi yekha, ndipo pa msonkhano uliwonse afunse ngati pali amene wasintha nambala. Aliyense wokopera alembe tsiku lomwe wakopera.

Ntchito yonseyi inanditengera madzulo awiri. Poyerekeza ndi madengu 14 aja, omwe anthu anathirira ndi kheni miyezi itatu, sinali ntchito konse. Musadikire kuti tomato apse kaye. Konzani kaundula wanu akadali pa nazale.