CENJERANI NDI CISANU CA KUMAPETO

Mwezi wa August ukalowa, ambiri a ife m'boma la Rumphi timati nyengo yozizira yatha. Koma ife alangizi amene timayenda m'madimba a ku Henga, Nkhamanga ndi Hewe taona kuti cisanu ca kumapeto ndico cipweteka koposa, cifukwa cimapeza mlimi atatayirira, matimati ndi nyemba ziri pa maluwa.

KUMENE KUZIZIRA KUCOKERA

Kuno kwathu sikugwa cipale cofewa, madzi ouma aja amene amagwa ngati ufa. Cimagwa ku mapiri a Lesotho ndi Drakensberg, ndipo nthawi zina cimacedwa ndithu. Mu September caka ca 2024 cinatseka mseu wa pakati pa Durban ndi Johannesburg, anthu nagona m'magalimoto. Namondwe wotere akapita, mphepo yozizira imadzera ku nyanja ya mcere niloŵa ku Mozambique, ndipo patapita masiku ocepa ifika kuno. Pa nyanja yathu timaicha mwera. Ku mapiri imadza ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndiyo ciperoni, dzina locokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Cifukwa cace mukamva pa wailesi kuti kumwera kwagwa cipale, kapena a zanyengo ku Blantyre acenjeza za mwera, yambani kukonzeka.

USIKU WOOPSA NDI UTI?

Masiku a ciperoni timanjenjemera, koma mbeu sizipsa ai, pakuti mitambo iri ngati bulangeti losunga kutentha kwa nthaka. Usiku woopsa ndi umene utsatira: mitambo yacoka, mphepo yaleka, nyenyezi ziri mbee. Pamenepo nthaka itaya kutentha kwace konse. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo umatsika ngati madzi kucokera ku zitunda, nukhazikika m'madambo mmene muli madimba athu. Tikumbuke kuti tiri m'tsinde mwa Nyika, kumene phiri la Nganda lipitirira mamita 2,600, ndipo ku Chelinda udzu umayera ndi cisanu m'mawa.

ZOYENERA KUCITA

1. Thirirani dimba masana a tsikulo. Nthaka yonyowa isunga kutentha kuposa youma.

2. Dzuwa lisanalowe, phimbani mbeu zanthete ndi udzu wouma woyalidwa pa timitengo, ndipo mucotse dzuwa likatuluka. Musatenthe chire lonse, kuopa kusowa udzu umenewu.

3. A ku Phoka, Nchenachena ndi Mphompha, mukaona nkhungu ikukwera, lowetsani khofi amene ali pa thandala. Khofi wonyowa kawiri amacita nkhungu, ndipo mtengo wace utsika. Mbande za khofi zikhale pansi pa denga la udzu.

4. Ana a ng'ombe ndi a mbuzi agone m'khola louma, lochingidwa ku mbali ya kumwera ndi kum'mawa.

5. Asodzi a ku Mlowe ndi Chiweta, mwera ukayamba kokerani mabwato pamtunda. Usipa mudzaupeza mawa, koma moyo ulibe wina.

Nchito zonsezi sizifuna ndalama, zingofuna maso ndi khama. Madzulo ali onse turukani panja, muyang'ane kumwamba, mumve ngati mphepo yaleka. Ngati mukayika, funsani mlangizi wa kwanu, pakuti safunsa anadya phula.