Pikapu ya amalume yasiya kulira

Pikapu ya amalume inkadziwika pa Lizulu chifukwa cha mawu ake. Ikamapatuka mumsewu wa M1 kulowa pamsika, inkalira ngati mbuzi yokokedwa pachingwe, moti amayi ogulitsa kabichi ankangoti "afika aja" asanatembenuke n'komwe. M'mawa wa mwezi wa June, chisanu cha ku Ntcheu chikagwira, kulirako kunkanyanya. Chiwongolero chinkauma, nthawi zina n'kumanjenjemera m'manja. Kutembenuza galimoto yodzaza matumba a mbatatesi pamalo opanikiza kunali kolemetsa: amalume ankachita kudzuka pampando, thukuta lili kamukamu.

Aliyense ankatchula matenda ake. Wina ankati pampu ya pawa yatha, wina ankati chatha ndi bokosi lonse la chiwongolero. Amalume ankangowonjezera mafuta a chiwongolero kathanki kake kakatsika, uku akuika ndalama padera zogulira pampu ina ku Lilongwe.

Amakaniko amene tinawapeza ndi bambo wachikulire wosapupuluma. Asanagwire sipanala anafunsa kuti, "Madala, imalira nthawi yanji?" Anatiuza kuti phokoso lililonse lili ndi kwawo. Likamati tswii mukakhotetsa mpaka kumapeto, kawirikawiri ndi lamba amene akuterereka. Likamati gu gu m'mabampu, yang'anani zolumikizira za kumatayala. Koma la wiii lokwera limodzi ndi injini, n'kumakula mukamakhota, limachokera kupampu.

"Ndiye kuti yafadi?" anafunsa amalume, nkhope itagwa.

"Kulira si kufa, madala. Tiyeni tione chikuiliza."

Anadina lamba ndi chala, n'kupeza kuti ndi wolimba bwino. Kenako anandiuza kuti ndilize injini, iwo n'kutsegula kathanki. Tinasuzumira tonse. M'malo mwa mafuta ofiira, munali thovu labulauni likubwadamuka, lonunkha ngati chinthu chopserera. Thovu limenelo, anatero, ndi mpweya umene ukulowa penapake. Pampu inapangidwa kuti izikankha mafuta, ndipo ikameza mpweya imalira, mphamvu n'kumafika kuchiwongolero modukizadukiza.

Analondola paipi yakuda yochokera pakathanki kupita kupampu. Inali itauma gwa, ndipo pamene pamangidwa pafupi ndi pampu panali mng'alu wochepa, wonyowa pang'ono, fumbi litamatirira. Apa ndi pamene panali chinsinsi. Paipi imeneyi ili kumbali imene pampu imayamwa, choncho ikang'aluka siwaza mafuta pansi kuti mwini galimoto aone. Imangokoka mpweya mwakachetechete. Atachotsa kathanki anationetsanso kasefa ka pansi pake katatsekeka ndi zinyalala zakuda. Mafuta ozizira amakhala olemera, ndiye m'mawa ankalephera kudutsa pamenepo, pampu n'kumalira ndi njala.

Ntchito yake sinali yaikulu. Anatsuka kathanki mpaka kasefa kanayamba kuonetsa kuwala, n'kukaumitsa. Anaika paipi yatsopano, zomangira zatsopano ndi kamphira kozungulira ka pakamwa pa pampu. Kenako anakweza matayala akutsogolo ndi jeke, n'kulowetsa paipi yobweza mafuta m'botolo. Ine ndinkapota chiwongolero uku ndi uku injini ili yozima, iwo akuthira mafuta atsopano pamwamba, mpaka zakuda zija zinatha, m'botolo n'kuyamba kugwera zofiira. Mapikapu ambiri akale, monga Hilux, amafuna mafuta a ATF a mtundu wa Dexron II kapena III, ndipo nthawi zambiri zimalembedwa pachivindikiro pomwepo. Anatichenjeza kuti mafuta a mabuleki asadzayandikire pamenepo, chifukwa amatupitsa timphira tonse ta m'kati.

Atabwezera paipi ija m'malo mwake, inatsala ntchito yotulutsa mpweya. Ndinapitiriza kupota pang'onopang'ono kuchoka kumapeto ano kufika kumapeto ena, timathovu tikuphulika m'kathanki mpaka tinaleka. "Mukafika kumapeto musamakanikize nthawi yaitali, achimwene," anatero. "Pamenepo pampu imakankha ndi mphamvu zake zonse, mafuta n'kutentha."

Ndiye anati ndilize injini. Inalira dizilo yokha. Ndinapota kumanja: zii. Kumanzere: zii. Amalume anandikoka pampando n'kukhalapo okha. Jeke atatsitsidwa anazungulira bwalo la pagalajapo, chigongono chili pawindo, dzanja limodzi likuseweretsa chiwongolero, mano onse ali pamtunda.

"Iyi ndi yanga yomwe ija?" anakuwa akudutsa. "Mwandisinthira galimoto inu!"

Amakaniko anangoseka uku akupukuta m'manja. Anati amalume achita mwayi, chifukwa pampu ikakhalitsa ikuyenda ndi mpweya imadyeka m'kati. M'mafuta akale muja mukanaoneka tizitsulo tonyezimira, sakanachitira mwina koma kugula ina. Anawaonetsa mizere ya pakathanki, wa COLD woyang'ana injini isanatenthe ndi wa HOT woyang'ana pambuyo pa ulendo, n'kuwauza kuti mafuta akamatsika azifufuza kumene akupita m'malo mongowonjezera.

Ndalama za pampu zija zinagula feteleza. Masiku ano amalume amalowa chambuyo pakati pa malole awiri osadzuka pampando, ndipo wailesi imene ankaiyesa yowonongeka ikumveka bwinobwino. Vuto ndi limodzi lokha: popeza m'galimoto muli bata, tayamba kumva chitseko chakumanzere chikugogoda, zimene mwina chakhala chikuchita zaka zonsezi. Nditawauza, amalume anangokweza wailesi n'kunena kuti, "Chimenecho tichiona tikagulitsa mbatatesi."