Hilda: Kachilombo Kobisala pa Mizu ya Mtedza

Ambiri mwa ife tidaonapo mtedza ukuchita chikasu ndi kufota pakati pa dzinja, ena onse m'munda momwemo ali obiriwira. Kawirikawiri timathamangira kunena kuti ndi chiswe kapena kadukutu. Koma pali mdani wina amene sitimutchula chifukwa sitimuona, pakuti ntchito yake amagwirira pansi pa nthaka. Akatswiri amamutcha Hilda patruelis, ndipo amapezeka m'minda ya mtedza kuno ku Malawi, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi m'maiko ena a mu Africa muno.

Tiyambe ndi mtundu wake. Monga munthu amadziwika ndi dzina, banja ndi pfuko, zamoyo nazonso zidaikidwa m'magulu, kuyambira lalikulu kutsikira ku laling'ono. Hilda ali m'gulu la Insecta, tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. M'menemo ali m'chigawo cha Hemiptera, cha tizilombo toyamwa ndi mlomo wonga singano, momwe mulinso nsikidzi, nyenje ndi nsabwe za m'masamba. Kutsika pamenepo tifika ku Fulgoromorpha, pfuko la tizilombo todumpha pa zomera lomwe lili ndi mitundu yoposa 12,000 padziko lonse. Banja lake ndi Tettigometridae, limodzi mwa mabanja ang'onoang'ono a pfukoli, lopezeka ku Africa, Europe ndi Asia.

Dzina la patruelis adalipereka ndi Carl Stål wa ku Sweden mu 1855, pomwe la Hilda adalikhazikitsa ndi George Kirkaldy mu 1900. Ophunzira a Biology azindikire apa lamulo la Linnaeus la maina awiri: loyamba ndi la kagulu ka mitundu yapachibale ndipo limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo.

Nanga amaoneka bwanji? Wamkulu amatalika pafupifupi mamilimita 5, ngati kambewu ka mpunga. Thupi lake ndi lobulawuni mosakanikira ndi kubiriwira, lokhala ndi timizere ndi timadontho toyera pa mapiko. Mapiko akutsogolo ndi olimbirapo ndipo amaphimba msana ndi mapiko akumbuyo. Tinyanga take ndi tatifupi, totupa kutsinde, tothera ndi kaubweya kamodzi, ndipo timamera m'munsi mwa maso. Ichi ndi chizindikiro chachikulu cha pfuko lonse la Fulgoromorpha. Mlomo amaupinda pansi pa chifuwa pamene sakudya. Ngakhale amadumpha, si chitete: chitete chimatafuna masamba nkusiya zibowo, pamene Hilda amabaya ndi kuyamwa, osasiya bala looneka.

Amaikira mazira ang'onoang'ono moundana pa tsinde, pafupi ndi nthaka kapena pansi pake. Ana ake amafanana ndi akulu koma alibe mapiko, ndipo amafundula kangapo asanakhwime. Sadutsa mu msinkhu wa mbozi monga amachitira agulugufe.

Chochititsa chidwi ndi ubwenzi wake ndi nyerere. Madzi a m'zomera ali ndi shuga wambiri kuposa amene kachilomboka kamafuna, choncho wotsalayo kamatulutsa ngati timadontho totsekemera. Nyerere zimamwa timadonthoto, ndipo pobweza zimakateteza kwa adani ake ndi kukakumbira tinjira tozungulira mizu. Ndi ubale wonga wa m'busa ndi ng'ombe zake zamkaka.

Kuyamwa kwa tizilomboti kumafooketsa mbewu, ndipo akatswiri amaganiza kuti malovu ake ali ndi poizoni. Mtedza umachita chikasu, umafota, kenako umauma. Vutoli limakula pa nyengo ya ng'amba, ndipo nthawi zambiri limayambira m'mbali mwa munda, pakuti Hilda amakhalanso pa zomera zakutchire ndi pa mbewu zina monga nyemba ndi mpendadzuwa.

Tingamusiyanitse bwanji ndi adani ena? Zulani phata lofotalo mosamala. Mukapeza muzu wadyedwa m'kati ndipo mwadzaza dothi, ndi chiswe. Phata likakhala lopinimbira, masamba ali opiringizika ndi amawangamawanga, ganizirani kadukutu, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Koma mukaona nyerere zili piringupiringu patsinde, tizilombo tating'ono titaunjikana pa mizu, ndipo muzu mukaung'amba uli wobulawuni m'kati, ameneyo ndi Hilda.

Kudziwa kusiyana kumeneku kumapulumutsa ndalama, chifukwa mankhwala ogulira mdani wolakwika amangothera pachabe. Makolo, lambulani m'mbali mwa minda, palirani msanga, ndipo mukaona zizindikirozi kambiranani ndi alangizi a zaulimi musanagule mankhwala. Ophunzira, pa tchuthi chikubwerachi yenderani munda wa kwanu ndi kope m'manja. Mukapeza phata lokayikitsa, jambulani kachilomboko, lembani tsiku ndi malo, ndipo mudzabwere nazo kusukulu tidzaonere limodzi.