Diso Lofiira Loopa Dzuwa

Si diso lililonse lofiira limene limapola lokha. Pali matenda ena amene amatupitsa mkati mwa diso. Dzina lake ndi uveitis. Diso limafiira, limapweteka, ndipo limaopa kuwala kwa dzuwa. Wodwala amaona mwacimbuuzi. Misozi imatuluka, koma manthongo saculuka.

Matendawa angayambe cifukwa ca cifuwa cacikulu, cindoko, mashingozi kapena kuvulala kwa diso. Motero dokotala amapima diso ndi thupi lomwe.

Ku Marávia, wodwala ayenera kufulumira ku cipatala ca ku Fingoè. Zikavuta, amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca mumzinda wa Tete. Kudonthezera zitsamba m'diso kumalipweteka koposa. Kucedwa kumabweretsa ng'ala, ngakhalenso khungu.