Foni, sola ndi sikelo: zida zatsopano kumunda ndi kunyanja

Ife amene tinakula tikulemba kalata n'kudikira yankho mwezi wathunthu, lero tikuona mwana wa sitandade 5 akulankhula ndi bambo ake ali ku Johannesburg maso ndi maso. Alhamdulillah, zida zachuluka. Koma ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cha m'sitolo chinakwera. Choncho tisanagule, tiyeni tione chida chomwe chingabweze ndalama yake ndi chomwe chingatidyere.

Tiyambe ndi kunyanja. Asodzi a usipa akhala akukopa nsomba usiku ndi nyali za parafini. Masiku ano ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota akugwiritsa ntchito mababu a LED ndi batire yotchaja pa sola masana. Parafini wa tsiku ndi tsiku palibenso, magalasi osweka palibenso. Chongofunika kusamala ndi batire: mukamaimaliziratu moto usiku uliwonse, siikhalitsa. Komanso kuwala kochuluka kusatipangitse kukokolola ndi tiana tomwe. Nyanja ndi amana imene Allah anatisungitsa, ndipo nyengo yotseka nyanja ikalengezedwa, tiilemekeze.

Chida china cha msodzi ndi foni yomwe ili m'thumbamo. Nthambi yoona zanyengo imachenjeza za mwera pa wailesi ndi pa intaneti, ndipo uthengawo umazungulira m'magulu a WhatsApp. Mwera umavuta kwambiri miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, ndipo mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja akudziwa maliro amene umabweretsa. Kuona uthenga wa nyengo musanakankhe bwato sikuchepa kwa imani ayi. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, anatiphunzitsa kuchita mbali yathu kenako n'kuyadzamira mwa Allah. Foniyo muiike m'kapepala kapulasitiki komanga bwino, ikhale ndi moto ndi mayunitsi oimbira kumtunda zikavuta.

Kumunda nako zinthu zasintha. Mbozi ija yoononga chimanga inatipeza mu 2016 ndi 2017, mpaka lero siinachoke. Pali pulogalamu ya pa foni yotchedwa PlantVillage Nuru: mukaloza kamera pa tsamba la chinangwa kapena chimanga, imakuuzani matenda kapena mbozi yomwe yagwira, ngakhale pamalo popanda netiweki. Imafuna foni ya smati, koma foni imodzi ikhoza kuthandiza kalabu yonse. Ikakuuzani, pitaninso kwa alangizi musanagule mankhwala, chifukwa foni siidziwa nthaka ya munda wanu.

Pampu ya sola ya kudimba ndi yodula, koma alimi angapo akasonkherana amathirira popanda petulo ndiponso popanda kuthyoka msana ndi khasu la madzi kapena thiredo pampu. Pano tikumbutsane za zakaat. Mbewu yokula ndi mvula timapereka gawo limodzi mwa magawo 10, pamene yothirira ndi makina timapereka limodzi mwa magawo 20, zokolola zikafika pafupifupi makilogalamu 650, kapena kuti matumba 13 a makilogalamu 50.

Kachida kotchipa koma kofunika kwambiri ndi sikelo yam'manja ya manambala. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika nthawi yogulitsa nandolo ndi soya, thumba lodzadza likamapepuka pa sikelo ya venda. Yezani kunyumba, lembani, kenako pitani kumsika. Koma sikeloyo iweruzenso ifeyo. Kuthira mchenga m'thumba kapena kunyowetsa mbewu kuti ilemere ndi tchimo lomwelo limene Qur'an imadzudzula mwamphamvu pa anthu opunguza miyeso.

Airtel Money ndi Mpamba zatithandiza kuti tisamayende ndi ndalama za nsomba m'minibasi, ndipo ana athu akunja akutumiza thandizo tsiku lomwelo. Komatu mufoni momwemo muli misampha itatu. Woyamba ndi akuba aja olemba kuti “ndalama ija tumizani pa nambala iyi”, kapena oimba n'kumati mwawina. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera kukampani. Wachiwiri ndi ngongole za pa foni. Zimabwera msanga, koma ngati wobwereka akubweza zoposa zomwe anatenga chifukwa cha nthawi, imeneyo ndi riba, kaya ayitche dzina lanji. Wachitatu ndi kubetcha mpira. Anyamata akutsika m'bwato mbandakucha, pofika Dhuhr ndalama yonse yapita. Imeneyo ndi juga basi, kungoti yavala malaya atsopano.

Za mapulogalamu a Swala, ndi abwino kwa amene ali pakati pa nyanja kapena kumunda kutali ndi adhana. Onetsetsani kuti mwaikamo dera lanu, osati la dziko lina. Qibla yathu kuno ku Malawi ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Foni ikaloza kwina, dziwani kuti kampasi yake yasokonekera. Tsiku loyamba Ramadhan ndi la Eid foni imangoyerekeza, ife timadikira kuoneka kwa mwezi ndi chilengezo cha masheikh athu.

Choncho musanatulutse ndalama, dzifunseni mafunso atatu: kodi chidachi chiteteza moyo kapena zokolola? Ndichigula popanda riba? Chikaonongeka, alipo wokonza pa tauni yathu? Mayankho onse akakhala inde, gulani ndi Bismillah. Ndipo inu achinyamata odziwa kutobwanya, khalani pansi ndi agogo anu muwaphunzitse kuwerenga uthenga wa ndalama, kuti asaberedwenso ndi munthu amene sanamuonepo.

Allah atidalitse m'minda ndi m'maukonde athu. Wassalamu alaikum.