Akakugwirani pa liwiro, musafulumire kusaina

Kuchokera pamene msewu wa D145, wochoka pa Great East Road pafupi ndi mlatho wa Luangwa kukafika ku Feira, unathiridwa tara, ulendo wa ku Lusaka unafupika. Amalonda a nsomba, alimi ndi motoka za mipingo zopita ku misonkhano, onse akuyenda mothamanga kuposa kale. Chotsatira chake, ambiri akukumana ndi apolisi a pamsewu kapena a RTSA, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la zapamsewu la 2002.

Wapolisi akakuuzani kuti mwapyola liwiro, amakupatsani pepala lovomera mlandu. Ambiri amasaina osawerenga, poganiza kuti ndi lisiti chabe. Ayi ndithu. Mukasaina ndi kulipira, mwavomera kuti munalakwa, ndipo kudzatsutsa pambuyo pake n'kovuta. Ngati mukudziwa mumtima kuti munathamangadi, lipirani, mulandire lisiti ya boma. Ndalama ya m'manja yopanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu.

Koma ngati simunalakwe, muli ndi ufulu wokana ndi kupempha kuti nkhaniyo ipite kukhoti la majisitireti, osati khoti laling'ono loweruza za maukwati ndi miyambo. Gawo 18 la malamulo aakulu a dziko likunena kuti munthu ndi wosalakwa kufikira mlandu utamupeza. Kupereka umboni ndi nchito ya boma, si yanu. Gawo lomwelo likupatsani womasulira kwaulere ngati Chingerezi chikuvutani, choncho lankhulani Chinyanja kapena Chinsenga chanu mosaopa.

M'khotimo mudzaloledwa kufunsa wapolisi mafunso. Kodi makina anaonetsa liwiro lanji? Analoza motoka yanu kapena basi imene inakupitirirani? Makinawo anapimidwa liti kuti akugwira bwino nchito? Nanga chikwangwani cha liwiro chinali pati? Funso la chikwangwanili si lachibwana. Mu 2018, pamene makamera a liwiro anaikidwa m'misewu ya Lusaka, dandaulo lalikulu la oyendetsa linali lakuti zikwangwani zinali zosakwanira. Tsono jambulani malowo ndi foni tsiku lomwelo, lembani nthawi, ndipo amene munali nawo m'motoka akhale mboni.

Chovuta ndi mtunda. Kawirikawiri mlandu umazengedwa kudera kumene anakugwirani. Munthu wa kwa Mphuka kapena ku Katondwe wogwidwa ku Chongwe adzalipira basi, mwina kawiri kapena katatu mlandu ukaimitsidwa, munda uli wokha ndi njovu. Ndalama za ulendo zingapose chindapusa chenichenicho, ngakhale kuti zindapusa zinakwera mu 2024, pamene muyeso wowerengera chilango unachoka pa 30 ngwee kufika pa 40 ngwee.

Mukasankha khoti, musajombe tsiku limene akupatsani, chifukwa majisitireti angalamule kuti mumangidwe. Mlandu ukakugwerani ndipo simunakhutire, muli ndi masiku 14 ochitira apilu ku High Court.